Kusaka chidutswa m'mulu wa ma byte: zizindikiro za vuto, zoyambitsa zake ndi kakonzedwe kake

Ma function osakira ma byte, monga `memmem` wa mu C, `bytes.find` wa mu Python, `bytes.Index` wa mu Go, `Buffer.indexOf` wa mu Node.js ndi `memmem::Finder` wa mu laibulale ya `memchr` ya Rust, onse ntchito yawo ndi imodzi. Mumawapatsa ma byte ambiri ndi ma byte ochepa, iwo n'kukuuzani pomwe ochepawo akuyambira m'kati mwa ambiriwo. M'zolemba zofotokoza malaibulalewa, ambiriwo amatchedwa haystack ndipo ochepawo needle. Muno tiziti mulu ndi chidutswa. Kutalika kwa mulu ndi n, kwa chidutswa ndi m.

Kusaka kukavuta, ambiri amathamangira kuloza chala laibulale. Nthawi zambiri imakhala ilibe mlandu. Ma function amenewa amaitanidwa ndi mapulogalamu osawerengeka tsiku lililonse, ndipo vuto limakonda kukhala pa zomwe mwawapatsa: kutalika kolakwika, ma byte osiyana ndi omwe mukuganiza, kapena mulu woduka pakati. Pansi pa chizindikiro chilichonse, tayamba ndi choyambitsa chofala kwambiri n'kumatsika.

## Musanasinthe kalikonse

1. Onani ma byte enieni a mulu ndi a chidutswa mu hex (byte iliyonse yolembedwa ndi zizindikiro ziwiri, kuyambira 00 mpaka FF). Gwiritsani `xxd` kapena `hexdump -C`, kapena `.hex()` mu Python. Musadalire zomwe editor ikuonetsa, chifukwa imabisa ma byte osaoneka.
2. Sindikizani n ndi m pamzere womwe uli pamwamba penipeni pa kusakako, osati pomwe munawerengera fayilo.
3. Khalani ndi function yosaka mwawamba yoti muziyerekezera nayo:

```c
ptrdiff_t saka_wamba(const unsigned char *mulu, size_t n,
                     const unsigned char *chidutswa, size_t m)
{
    if (m > n) return -1;
    for (size_t i = 0; i <= n - m; i++)
        if (memcmp(mulu + i, chidutswa, m) == 0)
            return (ptrdiff_t)i;
    return -1;
}
```

Imeneyi ndi yochedwa, koma n'kovuta kuti iname. Ikapereka yankho lofanana ndi la laibulale, siyani kukayikira laibulale, kaoneni zomwe mukulowetsa.

## Chizindikiro 1: Chidutswa chilimo, koma sichikupezeka

Chadulidwa pamalire a zigawo ziwiri. Vuto ili ndi lomwe limavutitsa anthu kwambiri, chifukwa limachitika apo ndi apo. Mukuwerenga fayilo kapena socket m'zigawo za ma byte 65,536 n'kumasaka m'chigawo chilichonse pachokha. Tinene kuti mukufuna `0D 0A 0D 0A`, mathero a mitu ya uthenga wa HTTP. Ma byte awiri oyamba akagwera kumapeto kwa chigawo china, awiri otsalawo kumayambiriro kwa chotsatira, palibe chigawo chomwe chili ndi chidutswa chathunthu. Pa fayilo, vutoli limaonekera pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Pa netiweki limasinthasintha, poti `recv` amabweza ma byte omwe afika panthawiyo, osati omwe munapempha.

- Kuyesa: chepetsani chigawo chifike pa 1, kenako 2, 3 ndi 7. Yankho likasintha, vuto ndi limeneli.
- Kukonza: sungani ma byte m − 1 omaliza a chigawo chilichonse, muwaike patsogolo pa chotsatira.

```python
def saka_mu_fayilo(f, chidutswa, kukula=65536):
    m = len(chidutswa)
    zotsala = b""
    poyambira = 0
    while True:
        chigawo = f.read(kukula)
        if not chigawo:
            return -1
        mulu = zotsala + chigawo
        i = mulu.find(chidutswa)
        if i != -1:
            return poyambira + i
        sunga = min(m - 1, len(mulu))
        poyambira += len(mulu) - sunga
        zotsala = mulu[len(mulu) - sunga:]
```

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo apa. Sungani m − 1, osati m: mukasunga m powerenga malo onse opezeka, chidutswa chomwe chathera ndendende kumapeto kwa chigawo chiwerengedwa kawiri. Komanso musafupikitse mzere womaliza kukhala `mulu[-sunga:]`. Chidutswa chikakhala cha byte imodzi, `sunga` amakhala 0, ndipo `mulu[-0:]` amabweza mulu wonse, choncho memory imangodzaza mwakachetechete.

Muli byte ya 00 m'njira. `strstr` ndi `strlen` amaima akakumana ndi byte ya 00, chifukwa mu C ndiyo imasonyeza kutha kwa mawu. Zithunzi, mafayilo a pulogalamu ndi mapaketi a netiweki amakhala odzaza ndi 00. Fayilo ya PNG imayamba ndi `89 50 4E 47 0D 0A 1A 0A`, ndipo byte yotsatira ndi 00. Choncho `strstr` amangoona ma byte 8 basi, ngakhale fayiloyo ikhale yaikulu bwanji. Kusinthira ku `memmem` sikuthandiza ngati kutalika mukukutengabe kwa `strlen`. Kutengeni ku nambala yomwe `read` kapena `fread` wabweza. Mu C++ nawonso `std::string s(buf)` amaima pa 00. Lembani `std::string_view(buf, n)`.

Kutalika kwa chidutswa n'kolakwika.

- `sizeof("IEND")` ndi 5, osati 4, chifukwa amawerengera 00 wakumapeto. Mukhala mukusaka byte ina yomwe simunaifune.
- `sizeof` wa pointer amapereka 8 pa makina a 64-bit, kaya chidutswa n'chotalika bwanji. Array ikalowa mu function imasanduka pointer, ndiye msampha umenewu umatchera pomwepo.
- Dongosolo la `memmem` ndi mulu, n, chidutswa, m. Mukasinthanitsa mulu ndi chidutswa compiler sidandaula, chifukwa mitundu yake ndi yofanana.
- Chidutswa chochokera pa kiyibodi kapena mu fayilo ya zokonzera chimabwera ndi `0A` kumapeto. `fgets` samachotsa `0A` ameneyo.

Mawu ndi amodzi koma ma byte ndi osiyana. Ma function awa sadziwa zilembo, amangoyerekeza manambala. Mawu oti "abc" mu UTF-8 ndi `61 62 63`, koma mu UTF-16LE, yomwe Windows imagwiritsa ntchito kwambiri m'kati mwake, ndi `61 00 62 00 63 00`. Ngakhale mu UTF-8 momwemo chilembo chimodzi chingalembedwe m'njira ziwiri. Chilembo cha ŵ chingakhale `C5 B5`, kapena w wamba wotsatiridwa ndi kachizindikiro kapamwamba, `77 CC 82`. Pa sikirini zimaoneka chimodzimodzi, koma kwa `memmem` n'zosiyana kotheratu. Sinthani mbali zonse ziwiri zikhale za encoding imodzi, ndipo pa mawu a Unicode zidutse mu normalization imodzi (njira yochititsa kuti chilembo chilichonse chilembedwe mwanjira imodzi), monga NFC, musanasake. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono nazo n'zosiyana: A ndi `41`, a ndi `61`. Onaninso `0D 0A` ndi `0A` wokha ngati chidutswa chikudutsa pamathero a mzere.

Fayilo yatsegulidwa ngati mawu. Pa Windows, `fopen` wokhala ndi `"r"` amasintha `0D 0A` kukhala `0A`, ndipo amatenga byte ya `1A` ngati mathero a fayilo. Lembani `"rb"`. Pa Linux kusiyanaku kulibe, n'chifukwa chake pulogalamu imatha kuyenda bwino kumeneko n'kukalephera pa Windows.

Nambala yalembedwa chotembenuza. Nambala 0x12345678 pa purosesa ya x86 imasungidwa ngati `78 56 34 12`, pomwe m'mitu ya mapaketi a TCP/IP imayenda ngati `12 34 56 78`. Onani zomwe mtundu wa fayiloyo umanena, kenako pangani chidutswa ndi `struct.pack` kapena `to_bytes` motchula dongosolo lake.

Zomwe zili m'katimo n'zopanikizidwa. Mawu omwe mukuwaona mu fayilo ya docx kapena PDF kawirikawiri sapezeka m'ma byte ake. Docx ndi ZIP, imayamba ndi `50 4B 03 04`. Gzip imayamba ndi `1F 8B`. Masulani kaye, musake pambuyo pake.

## Chizindikiro 2: Chapezeka, koma malo ake kapena chiwerengero chake n'cholakwika

Mwasokoneza 0 ndi −1. Mu Python, `if mulu.find(x):` ndi cholakwika kawiri. Chidutswa chikapezeka pa malo 0, mzerewo umati sichinapezeke. Chikasowa, −1 amatengedwa ngati zoona. Lembani `!= -1`, kapena `x in mulu` ngati malo simukuwafuna. Choopsa china n'chakuti `mulu[-1]` ndi `mulu[:-1]` ndi zovomerezeka mu Python, ndiye −1 amadutsa osakuwa n'kukawononga patsogolo. `bytes.index` amaponya `ValueError` chikasowa, ndipo nthawi zambiri ndi amene ali bwino. Mu C++, `find` amabweza `npos`, nambala yaikulu kwambiri ya `size_t`, motero kufunsa ngati yankho lili pansi pa 0 sikugwira kanthu.

Malowo ndi a m'chigawo, osati a mu fayilo. Mukasaka m'chigawo kapena mu slice, onjezani pomwe chigawocho chikuyambira. Go alibe njira youzira `bytes.Index` poyambira, ndiye mumalemba `bytes.Index(mulu[k:], x)`, ndipo yankho lenileni ndi k kuphatikiza zomwe zabwera. Onani kaye ngati si −1 musanaphatikize.

Malo a byte si malo a chilembo. Mu UTF-8 chilembo chimodzi chimatenga byte imodzi mpaka 4. Nambala yochokera ku kusaka ma byte musakadulire nayo `str` wa Python kapena `String` wa Java.

Zongofanana mwangozi. Pa ma byte osakanikirana bwino, monga opanikizidwa, chidutswa cha ma byte awiri chimayembekezeka kupezeka kamodzi pa malo 65,536 aliwonse, kutanthauza pafupifupi ka 16 mu MiB imodzi. Cha ma byte 4 ndi kamodzi pa malo 4,294,967,296, zomwe zimaoneka zosatheka mpaka tsiku lomwe mukusaka mu disiki yonse. Nthawi zina si ngozi n'komwe. Fayilo ya JPEG imatha ndi `FF D9`, koma zithunzi zambiri za kamera zimakhala ndi kachithunzi kakang'ono m'chigawo cha EXIF, ndipo nako kamatha ndi `FF D9`. Mukadula pa woyamba kupezeka, mutsala ndi fayilo yoduka. Kusaka kumangokulozerani pokayang'ana. Mukafika pamenepo werengani mitu ndi manambala a kutalika motsata malamulo a mtundu wa fayiloyo. ZIP ndi chitsanzo chabwino. Chizindikiro cha mathero ake, `50 4B 05 06`, chimasakidwa kuchokera kumapeto, m'ma byte 65,557 omaliza okha, chifukwa gawolo ndi la ma byte 22 ndipo mawu owonjezera pambuyo pake sapitirira 65,535.

Zopezeka zolowerana. `b"aaaa".count(b"aa")` amapereka 2, pomwe malo omwe "aa" akuyambira ndi atatu: 0, 1 ndi 2. `find_iter` wa `memmem` wa Rust nayenso sawerenga zolowerana. Ngati mukuzifuna zonse, pitirizani kuchokera pa i + 1. Ngati ayi, pa i + m.

Fayilo yapitirira 2 GiB. `int` wa 32-bit amathera pa 2,147,483,647. Sungani malo mu `size_t`, `off_t` wa 64-bit kapena `int64_t`. Pa Windows `long` ndi wa 32-bit ngakhale pa makina a 64-bit.

## Chizindikiro 3: Pulogalamu yangoima, purosesa ili pa 100%

- Loop sikusuntha. Mukapeza chidutswa pa i n'kuyambiranso kusaka pa i pomwepo, muzichipeza mpaka kalekale.
- Chidutswa chilibe kanthu. m akakhala 0, `memmem` wa glibc (laibulale ya C ya pa Linux) amabweza chiyambi cha mulu, ndipo Python ndi Go amabweza 0. Kusuntha ndi i + m ndiye kuima malo amodzi. Kanani chidutswa chopanda kanthu musanalowe mu loop.
- Tebulo lodumphira ndi la `uint8_t`. M'njira ya Horspool, yomwe imasaka modumphadumpha potsatira tebulo, byte yomwe mulibe m'chidutswa imadumphitsa malo m. m akafika 256, nambalayo sikwana mu byte imodzi, imasanduka 0, ndipo kusaka sikusunthanso. Gwiritsani `size_t`, kapena kudumpha kuzithera pa 255.

Ngati palibe mwa zitatuzi, mwina siinaime koma ikuchedwa koopsa. Pitani pa chizindikiro chotsatira.

## Chizindikiro 4: Kusaka kukuchedwa

Yambani n'kupima. `perf` pa Linux, `cProfile` mu Python kapena `pprof` mu Go akuuzani ngati nthawi ikuthera pa kusaka kapena pa zina. Yerekezaninso ndi nthawi yongowerenga fayiloyo osasaka kanthu. Zikafanana, chochedwa ndi disiki kapena netiweki, ndipo kusintha njira yosakira sikupindula kanthu.

Mukusaka malo amodzi mobwereza. Zimachitika pomwe mukuunjika zofika pa socket mu buffer n'kumasaka kuchokera pachiyambi nthawi iliyonse. Zigawo 1,000 za ma byte 1,024 ndi pafupifupi 1 MB, koma kusaka koyambiranso kumadutsa ma byte 512,512,000. Kumbukirani pomwe munalekezera, mubwerere m'mbuyo ma byte m − 1 okha. M'bale wake wa vutoli ndi `mulu = mulu[i + m:]` mu Python, yemwe amakopera zotsala zonse nthawi iliyonse mukapeza kanthu. `mulu.find(x, i + m)` sakopera chilichonse.

Pulogalamu yamangidwa yoyesera. Code yanu ya C kapena C++ yopanda `-O2`, kapena ya Rust yopanda `--release`, imachedwa kwambiri. Zimakhudzanso ma template a C++ ndi ma crate a Rust, poti amamangidwa pamodzi ndi code yanu. Loop ya byte imodziimodzi yolembedwa mu Python nayo singapikisane ndi `find`, yemwe analembedwa mu C.

Mukukonzekera chidutswa chomwecho nthawi iliyonse. Njira zothamanga zimayamba zasanthula chidutswa, mwachitsanzo kudzaza tebulo la malo 256. Kudzaza tebulo lotere pofuna kusaka mumzere wa ma byte 40 ndi ntchito yaikulu kuposa kusakako. Ngati chidutswa ndi chimodzi koma milu ndi yambiri, konzekerani kamodzi kunja kwa loop: `memmem::Finder::new` mu Rust, kapena `std::boyer_moore_horspool_searcher` wa C++17 yemwe mumapatsa `std::search`.

Byte yoyambira nayo ndi yofala. Malaibulale ambiri amayamba kusaka byte imodzi mothamanga, monga amachitira `memchr`, kenako n'kutsimikiza zotsalazo. Zimayenda bwino byte imeneyo ikakhala yosowa. Ikakhala 00 mu fayilo yodzaza ndi 00, kapena `20` wa mpata m'mawu wamba, kusaka kumaima pafupipafupi n'kumatsimikiza pachabe. Laibulale ya `memchr` ya Rust imasankha ma byte omwe ikuganiza kuti ndi osowa potengera tebulo la kufala kwa ma byte, ndipo `FinderBuilder` amalola kuzimitsa kusefako ngati zanu sizikugwirizana ndi tebulolo. Mu C mungathe kusaka gawo losowa la chidutswa, kenako n'kutsimikiza zozungulira ndi `memcmp`, mutaona kaye kuti simutuluka m'malire a mulu.

Mwagwera pa zolowa zoipitsitsa. Tengani mulu wa "a" okhaokha 10,000,000 ndi chidutswa cha "a" 999 otsatiridwa ndi "b". Njira yawamba imayerekeza ma byte 1,000 pamalo aliwonse isanadziwe kuti sizikufanana, ndiye zonse pamodzi ndi pafupifupi 10,000,000,000. Njira ya Horspool ya 1980, ikamayerekeza kuchokera kumanja, imakodwa chimodzimodzi "b" akakhala kumayambiriro kwa chidutswa. Yesani mitundu yonse iwiri pa function yomwe mukugwiritsa ntchito, muwirikize m kawiri, muone ngati nthawi nayo ikuwirikiza. Njira zomwe sizikodwa motere ndi Knuth–Morris–Pratt ya 1977 ndi Two-Way, yomwe Maxime Crochemore ndi Dominique Perrin anafalitsa mu 1991. Two-Way imatenga nthawi yolingana ndi n + m ndipo sifuna memory yokula ndi chidutswa. Ili mu glibc ndi musl, ndipo Python anayamba kuigwiritsa ntchito pa zosaka zazitali kuyambira 3.10. `std::search` wopanda searcher alibe chitetezo chimenechi.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri ngati chidutswa kapena mulu zikuchokera kwa anthu a pa intaneti, monga boundary ya multipart (mawu olekanitsa zigawo za uthenga wa HTTP) pa seva. Munthu wachipongwe angatumize dala zolowa zoterezi kuti amange purosesa yanu. Ikani malire pa kutalika kwa chidutswa, ndipo sankhani laibulale yomwe imalonjeza m'zolemba zake kuti nthawi yake ndi yolingana ndi kukula kwa zolowa.

Mwasankha njira yodumphadumpha ya Boyer–Moore pa chidutswa chachifupi. Mabuku akale amaitama, ndipo m'pake pa zidutswa zazitali. Koma sidumpha malo opitirira m. Chidutswa chikakhala cha ma byte 3 imadumpha atatu basi, pomwe malangizo a purosesa otchedwa SIMD, monga SSE2 kapena NEON, amayerekeza ma byte 16 nthawi imodzi, AVX2 ma byte 32. Pa zidutswa zazifupi function ya laibulale imaposa yolemba nokha pafupifupi nthawi zonse.

Zidutswa ndi zambiri. Kusaka mawu 500 mmodzimmodzi ndi kudutsa mulu ka 500. Njira ya Aho–Corasick ya 1975 imasaka onse podutsa kamodzi. Ilipo mu crate ya `aho-corasick` ya Rust ndi mu `pyahocorasick` wa Python.

## Chizindikiro 5: Pulogalamu ikufa, kapena ikufa pa makina ena okha

Izi zimachitika kwambiri pa function yosaka yolemba nokha kapena yotola kwina. Mangani ndi `-fsanitize=address,undefined -g`, kapena yendetsani mu Valgrind, musanayambe kulingalira pamutu.

1. n − m watembenuka. `size_t` alibe manambala apansi pa 0. n akakhala 3 ndipo m 5, `n - m` amasanduka nambala yaikulu zedi, loop n'kutuluka mu buffer. Onani `m > n` poyamba penipeni.
2. `char` wagwiritsidwa ntchito polozera mu tebulo. Pa x86 `char` amakhala ndi manambala apansi pa 0, ndiye byte ya `89`, yoyamba ija ya PNG, imakhala −119, ndipo `tebulo[c]` amawerenga kunja kwa tebulo. Pa Linux ya ARM `char` alibe apansi pa 0, choncho code yomweyo imayenda bwino pa Raspberry Pi n'kukafa pa laputopu. Mawu achingerezi okhaokha sagwira vutoli, poti ma byte ake onse ali pansi pa `80`. Lembani `unsigned char`. Mu Java `byte` amayambira pa −128 mpaka 127, ndiye lembani `b & 0xFF`.
3. SIMD yawerenga kupyola mathero. Kutenga ma byte 16 pomwe atsala 5 ndi kuwerenga ma byte 11 omwe si anu. Nthawi zambiri palibe chooneka, chifukwa memory imaperekedwa m'masamba a ma byte 4,096 pa x86, ndipo ma byte owonjezerawo amagwera m'tsamba lomwelo. Tsiku lomwe mulu wathera kumapeto kwa tsamba, lotsatira n'kukhala losaperekedwa, pulogalamu imafa ndi SIGSEGV. Poyesa, pemphani masamba awiri ndi `mmap`, tsekani lachiwiri ndi `mprotect` wa `PROT_NONE`, muike mulu kuti uthere ndendende kumapeto kwa loyamba, kenako yesani n kuyambira 0 mpaka 100. Pokonza, ma byte otsala asakidwe imodziimodzi, kapena kuwerenga komaliza kuyambire pa n − 16 ngati n wafika 16.
4. Njira ya Sunday ya 1990 pamalo omaliza. Imayang'ana byte ya pa i + m posankha podumphira, ndipo pakuyesa komaliza byte imeneyo ili kunja kwa mulu.
5. Pointer yakalamba. `memmem` amabweza pointer yoloza m'kati mwa mulu. Mukaitana `realloc`, kapena `std::vector` akakula, mulu ungasamuke. Sungani malo ngati nambala, osati pointer.
6. Fayilo ya `mmap` yafupikitsidwa ndi pulogalamu ina. Kuwerenga tsamba lomwe lachoka kumabweretsa SIGBUS. Mafayilo a log ndi omwe amakonda kutero. Pa mafayilo osinthasintha gwiritsani `read`. Fayilo yopanda kanthu nayo ioneni padera, chifukwa `mmap` amakana kutalika kwa 0.
7. SIGILL, kutanthauza kuti purosesa yakumana ndi langizo lomwe silidziwa. Pulogalamu inamangidwa ndi `-march=native` kapena `-mavx2` n'kukayendetsedwa pa purosesa yopanda AVX2, yomwe kwa Intel inayamba ndi Haswell mu 2013. Funsani purosesa pulogalamu ikuyenda: `__builtin_cpu_supports("avx2")` mu GCC ndi Clang, `is_x86_feature_detected!` mu Rust.
8. `_mm_load_si128` pa adiresi yosagawika ndi 16. Gwiritsani `_mm_loadu_si128`.

## Chizindikiro 6: Compiler ikuti `memmem` sikumudziwa

`memmem` sali mu muyezo wa ISO C. Pa glibc lembani `#define _GNU_SOURCE` pamwamba pa `#include` aliyense, osati pamwamba pa `<string.h>` pokha, kapena ikani `-D_GNU_SOURCE` pomanga. Laibulale ya C ya Microsoft ilibe function imeneyi. Kumeneko gwiritsani `std::string_view::find` kapena `std::search`.

Chenjezo la "implicit declaration" musalinyalanyaze. Ma compiler akale amamanga pulogalamuyo poganiza kuti `memmem` amabweza `int`, ndiye pointer ya 64-bit imadulidwa n'kutsala ma bit 32, pulogalamu n'kudzafera patali ndi pomwe panalakwika. GCC 14 ndi Clang 16 anasiya kulekerera izi, amakaniratu kumanga.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana katswiri

- Pulogalamu ikufa chifukwa cha zolowa zochokera kunja. Kuwerenga kunja kwa buffer pa seva kungatulutse zinsinsi za anthu ena. Musangotseka pomwe paonekera. Dziwitsani woyang'anira chitetezo, ndipo code yonseyo iyesedwe ndi fuzzer (pulogalamu yoyesa code ndi zolowa zosakanizasakaniza zambirimbiri) monga libFuzzer kapena AFL++.
- Mukuyerekeza mawu achinsinsi, token kapena MAC (nambala yotsimikizira kuti uthenga sunasinthidwe). `memcmp` ndi `memmem` amaima pa byte yoyamba yosiyana, ndipo nthawi yomwe atenga ingaulule kuchuluka kwa zomwe zafanana. Pali ma function apadera: `hmac.compare_digest` mu Python, `subtle.ConstantTimeCompare` mu Go. Ngati simukutsimikiza, funsani wodziwa za cryptography.
- Mukusaka mu disiki yomwe ikuwonongeka, kapena yomwe ndi umboni wa mlandu. Kuiwerenga mobwereza kungaimalize, ndipo kuilumikiza mwawamba kungasinthe zomwe zilimo. Akatswiri amayamba akopera disiki yonse, n'kumasaka mu kope.
- Mukufuna kulemba SIMD yanu. Onetsani kaye ndi manambala kuti laibulale ndiyo ikuchedwetsa. Ngati zilidi choncho, wina wozolowera ntchitoyi awerenge code yanu, ndipo iyesedwe pa zolowa zosakanizasakaniza mamiliyoni ambiri poyerekeza ndi `saka_wamba`. Pa kuyesako gwiritsani ma byte amitundu iwiri kapena itatu yokha, kuti zofanana pang'ono zichuluke.
- Laibulale ikusiyana ndi `saka_wamba` pa ma byte amodzimodzi, `-fsanitize` uja osadandaula. Apa mwina cholakwika chilidi mu laibulale, ndipo ndi nkhani ya omwe amaisamalira. Chepetsani mulu ndi chidutswa mpaka zikhale zazing'ono momwe zingathere vuto likuonekabe. Potumiza lipoti ikanimo ma byte onse mu hex, n ndi m, yankho lomwe mumayembekezera ndi lomwe labwera, version ya laibulale ndi ya compiler, ma flag omangira, ndi mtundu wa purosesa, chifukwa glibc ndi malaibulale ena amasankha code yosiyana malinga ndi purosesa. Ngati cholakwikacho n'chowerenga kunja kwa buffer, tumizani pa adiresi yawo ya zachitetezo, osati pamalo poti aliyense awerenge.